Chaka Chimene Ndinali Amake Olomaiti

Amene anatcha dzina mwana wanga woyamba ndi apongozi anga aamuna, ndipo tsiku limenelo ine ndinalulutira kuposa aliyense. Ndinali pachitengwa, m'mudzi wina kufupi ndi Kachebere, kwawo kwa amuna anga. Kwathu ndi ku Kapondo. Amuna angawo ndi dalaivala wa thiraki, ndipo nthawi imeneyo ankakhalira pamsewu wa ku Lusaka. Kunyumba ankafika ngati mlendo, kusiya zovala zoti ndichape n'kubwereranso. Choncho masiku ambiri ndinkakhala ndi makolo awo.

Apongozi aamunawo anakalambira pa boda, akumata matayala a mathiraki. Sukulu sanapite nayo patali, koma Chingerezi ankachikonda ngati nyama. Ankachitola kumathiraki komweko, pa mawu amene eni magalimoto amalemba pamphumi pa galimoto ndi kumbuyo kwake. Akaona mawu owadolola ankafunsa madalaivala tanthauzo lake n'kubwera nawo kumudzi. Ngolo yawo inali ndi dzina la Chingerezi, ng'ombe zokoka ngoloyo chimodzimodzi, ngakhale galu wawo wankhanambo uja. Ine ndinkaseka chamumtima, poti mtengwa saseka apongozi poyera.

Mchombo wa mwana utagwa, tinatuluka m'chikuta ndipo abale anasonkhana pakhonde. Apongozi aamunawo anamunyamula mwana, misozi ili lengelenge.

“Ine anandipatsa dzina la maliro, chifukwa onse amene ananditsogolera kubadwa anatha ali makanda,” anatero. “Adzukulu anganso awiri tinakawasiya kale kunkhadze uko. Ndatopa nawo mayina olira. Uyu ndikumupatsa dzina loti imfa ikalimva izilambalala. Uyu ndi Olomaiti.”

Anati mawuwo anawaona pa thiraki ina yaikulu imene pa zaka zonse zimene anagwira ntchito pa boda sinaphulikepo tayala. Dalaivala wake, wa ku Zambia, ndiye anawauza kuti tanthauzo lake ndi mphamvu zonse. Pa Chingerezi amalemba kuti Almighty. Mawuwo ndinali nditawamvapo m'nyimbo za kwaya ya achinyamata, koma nyimbo za Chingerezi ife timangoimba monga timamezera mapiritsi, osatafuna. Chimene ndinamva ine n'chakuti dzinalo linali lolemera mkamwa, ndipo m'mudzi monse munalibe mwana wina wokhala nalo. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Kwathu kuno mkazi akabereka, dzina lake limafera pomwepo. Amayamba kuitanidwa ndi dzina la mwana. Choncho ine ndinasanduka amake Olomaiti, ndipo amuna anga anasanduka abambo ake a Olomaiti. Kumjigo, kuchigayo, ngakhale akabaza a pa Kamwendo, onse ankandiitana choncho, ine n'kumayankha mokweza kuti “Wawa!”

Mvula yoyamba itangogwa, apongozi aamuna anadwala chibayo masiku ochepa n'kutisiya. Pa mawu awo omaliza anafunsa za mwanayo, pomutchula dzina lake lonse. Tinawaika, amuna anga anabwerera pamsewu, ine n'kutsala ndi apongozi aakazi, mayi osalankhulalankhula, amene ankagulitsa tomato pa Kamwendo tsiku la msika. Sitinkadana, koma sindinganene kuti ndinkawadziwa. Nkhope yawo inali imodzimodzi pamaliro ndi paukwati.

Kenaka kutchalitchi analengeza kuti amene ali ndi makanda akalembetse ubatizo. Wolembayo anali mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, munthu waulemu amene sanakalipirepo ngakhale nkhuku. Atandifunsa dzina la mwana, ndinalitchula monyadira. Cholembera chinaima. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

“Mayi, mwati ndani?”

Ndinabwereza.

“Kodi mukudziwa kuti mawu amenewa pa Chichewa ndi chiyani?”

“Anatiuza kuti ndi mphamvu zonse, bambo.”

“Ndi Wamphamvuzonse, mayi. Mukamapemphera mumayamba ndi mawu oti chiyani?”

Mawu amenewo ndimawatchula tsiku lililonse nditagwada, maso nditatsinzina. Sindinaganizepo kuti ndi omwewo amene ndinkakuwa nawo posintha thewera.

Mkuluyo anatsitsa mawu. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa munthu wokalipa umatha kumuyankha. “Dzina ili lili ndi mwini wake,” anatero, “ndipo mwini wakeyo sabwereketsa. Mukanati Mphamvu, kapena Madalitso, palibe akanalankhula. Koma apa mwana mwamukhazika pampando woti si wake. Abusa sangathire madzi pamutu pa munthu n'kumutchula choncho. Ngakhale ine dzanja langa likukana kulemba. Ndipo inuyo anthu akumakuitanani kuti chiyani?”

Ndinangomangitsa mwana kumsana n'kutuluka. Panjira mnyamata wa kabaza anandikuwira ndi dzina lija, ndipo ndinayang'ana kumwamba ndisanayang'ane iyeyo.

Madzulo ake ndinawafotokozera apongozi aakazi, uku tikusenda mtedza wobzala. Anamvetsera osaleka kusenda. Nditamaliza anangoti, “Dzinalo anatcha ndi amuna anga,” n'kunyamula lichero kulowa m'nyumba.

Nkhani ya m'mudzi sigona m'nyumba imodzi. Mawa lake anatulukira azakhali awo a amuna anga, mlongo wawo wa malemu aja, mayi amene mawu awo amafika iwo asanafike. Sanakhale n'komwe pamphasa.

“Ndamva kuti mtengwa wathu waphunzira Chingerezi kuposa mlongo wanga,” anatero. “Dothi la pamanda silinaume, inu mwayamba kale kufufuta mawu ake. Munaona kuti munthu akubweza mphatso ya wakufa? Mukufuna azibwera kudzamufunsa mwanayu kutulo kuti ndiwe yani?”

Pakamwa panga sipachedwa, ndipo kwathu amandidziwa. Koma tsiku limenelo ndinagwada n'kunena mofatsa kuti akumpingo akana kumubatiza.

“Akumpingo anabereka ndi iwo? Dzina limasinthidwa mwana akalikana yekha. Mwana wokana dzina amalira usana ndi usiku, amakana bere, aliyense amaona. Uyu walirapo? Taonani mmene wanenepera!”

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandiwawa. Mwana wanga anali wofatsa modabwitsa. Ukamuitana ndi dzina lija ankaseka, nkhama zili poyera, miyendo akuponda m'mwamba. Ndinayesa kumamuitana mwachidule kuti Maiti, koma mkulu wa mpingo uja nditakumana naye panjira anapukusa mutu. Anati kudula mchira wa mbuzi yakuba sikuisandutsa yako.

Kumjigo zinthu zinasintha. Amayi ena a mpingo wathu anasiya kunditchula dzina lililonse, ankangoti “inu”. Ena ankachita kuliimba dzinalo mwachipongwe, mmodzi mpaka anandigwadira n'kundipempha kuti ndikamunenere kwa mwana wanga kuti mvula isakokolole fetereza wake. Anthu anaseka. Koma mayi wina amene tinkagwirizana kwambiri anachotsa mwana wake pamphasa pamene ndinagoneka wanga, mwakachetechete, ngati akumuchotsa padzuwa. Chimenecho chinandiopsa kuposa chipongwe.

Mvula ya chaka chimenecho inali ya mabingu. Mitambo inkaunjikana cha kumapiri a kumalire masana, kunja n'kuda bii ngati kwalowa dzuwa. Kale ndinkaikonda mvula yotere. Tsopano bingu likangogunda ndinkathamangira m'nyumba, kuvundikira kalilole, kuzimitsa foni, n'kumufungatira mwana pakona. Ndinkafuna kupemphera, koma pemphero lililonse limene ndinkadziwa linkayamba ndi mawu omwe aja. Ndikati nditchule, lilime linkauma. Ndinkaona ngati ndikumukumbutsa mwini dzina kuti wakuba uja ali muno.

Tsiku lina masana mphenzi inagwa pamtengo wa mthethe umene unali pafupi ndi khola. Nyumba inagwedezeka, ndipo fungo lake linali ngati la waya wopsa. Mvula itakata tinapeza ng'ombe imodzi ya malemu aja ili gone pansi pa mtengowo, utsi ukufuka pamsana. Inali imodzi mwa zokoka ngolo zija.

Anthu anabwera kudzaona, ndipo aliyense anabwera ndi tanthauzo lake. Akumpingo ankanong'onezana kuti limenelo ndi chenjezo, kuti lero yayamba ndi ng'ombe. Azakhali aja anaima pakati pa bwalo n'kunena mokweza kuti mlongo wawo wadzatenga ng'ombe yake chifukwa wamva kuti pakhomo pake pali anthu ofuna kutaya mawu ake. Onse ankayang'ana kumsana kwanga. Ndinaona kuti ndasowa kolowera. Ndikasunga dzina ndalakwira kumwamba, ndikalitaya ndalakwira kumanda, ndipo mbali zonse ziwiri wolipira anali mwana amene sankadziwa n'komwe kukhala pansi.

Kuti ndiimbire amuna anga ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa dimba, chifukwa pakhomo foni inkangogwira netiweki ya ku Zambia. Ndinawapeza ali pamzera wa mathiraki kwinakwake kutali. Ndinalira, ndinakalipa, ndinawauza kuti ngati sabwera ndinyamula mwana kupita kwathu ku Kapondo.

“Ukapita naye kwanu dzinalo litsala kuno?” anandifunsa. Kenaka ananena motsitsa kuti, “Ine ndakhala ndikuliona dzinalo pamagalimoto zaka zonsezi. Pagalimoto limakhala bwinobwino. Sindinaganize. Koma bambo anga ndiwakane ali m'manda? Dikira ndibwere.”

Asanabwere, mwana anatentha thupi. Kunali m'mawa, ndikuti ndimuyamwitse, ndinamva ngati ndagwira mbaula. Maso anali atalowa, ndipo sankalira, ankangobuula pang'onopang'ono. Ndinathamanga wopanda nsapato mpaka pamsewu. Pakabaza ndinkangoyika khutu pakamwa pake kuti ndimve ngati akupuma, uku mumtima ndikunena kuti, “Si iyeyu anasankha, si iyeyu anasankha.” Sindikudziwa kuti ndinkauza yani mwa awiri aja, wakumwamba kapena wakumanda.

Kuchipatala anati ndi malungo, ndipo anatithandiza msanga. Namwino ataitana dzina la mwana pakhomo, benchi yonse inatembenuka kuti ione mayi wake. Bambo wina wachikulire anachita chizindikiro cha mtanda. Mwana anachira patapita masiku angapo, koma ine sindinachire. Malungo ndi malungo, ana onse a m'mudzimo amadwala nthawi ya dzinja, ndinkadziwa zimenezo. Komabe akatsokomola pang'ono, ndinkathamangira kukamugwira pamphumi. Ndinaonda mpaka chitenje chinkazungulira kawiri.

Apongozi aakazi nthawi yonseyi sanalankhulepo za dzinalo. Ankanditumizira phala, ankachapa matewera ine ndili kuchipatala, basi. Koma ndinazindikira chinthu chimodzi. Kuyambira tsiku la mphenzi lija sanamutchulenso mwanayo dzina. Ankangoti “kamunthu aka”.

Amuna anga atafika, abale anasonkhana Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango. Mkulu wa mpingo uja anaitanidwanso, ndipo anakhala pampando chapatali, chipewa chili pabondo. Anafotokoza zake mwaulemu. Azakhali anafotokoza zawo mopanda ulemu. Amuna anga ankangojambula pansi ndi kamtengo. Ine monga mtengwa ndinakhala kumapeto kwa mphasa, mwana ali pamiyendo, ndipo palibe anandifunsa kanthu. Kumapiri kuja mitambo inali itayamba kale kuda.

Pomaliza azakhali anati, “Tisatayitsane nthawi. Mwini dzina, mwanayu, ali pompano. Timuitane tonse tikuona. Akalikana, ine nditseka pakamwa. Akalivomera, nkhani yatha, ndipo wina asadzaiyambenso.”

Ndinkamudziwa mwana wanga. Anali atangoyamwa kumene, ndipo ankasewera ndi mkanda wa m'khosi mwanga.

Apongozi aakazi, amene anali asanatsegule pakamwa chiyambire, anatambasula manja. “Bweretsani kuno, amake mwana. Ali pamiyendo pa mayi wake angavomere chilichonse.”

Ndinawapatsa. Anamukhazika pamiyendo pawo, kumufunditsa chitenje chawo chakuda cha namfedwa kuyambira m'chiuno, n'kumutembenuzira kwa azakhali. Azakhaliwo anawerama, kuomba m'manja, n'kuitana mokoma.

“Olomaiti!”

Mwana anakuwa. Sikunali kulira kwa njala kapena kwa tulo. Kunali kukuwa kumene ndinali ndisanakumvepo, kochokera pansi pa mimba, mpaka nkhuku zinabalalika. Thupi lonse linauma gwa, nkhope inafiira. Ndinadzuka kuti ndimulande, koma apongozi anandiyang'ana kamodzi kokha ndipo ndinakhalanso pansi. Anamugwedeza mpaka anatonthola, akusisima.

“Mwina ndamudzidzimutsa,” anatero azakhali, mawu atachepa. Anadikira, kenaka anaitananso monong'ona.

Mwana anakuwanso kuposa poyamba. Nthawi yomweyo bingu linagunda chapatali. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu chosaoneka chafika pabwalopo ndipo chamugwira mwana wanga ife tikuona. Mkulu wa mpingo anaweramitsa mutu, milomo ikugwedera. Amuna anga anataya kamtengo kaja.

Azakhali anakhala pansi mwadzidzidzi. Anayamba kulira, akutchula mlongo wawo. “Wakana,” anatero. “Mwaona nonse, si ine. Mwana wakana yekha. Achimwene, musatikwiyire, mwana wakana.”

Dzina latsopano anatcha ndi azakhali omwewo, misozi ili m'masaya. Linali dzina wamba la Chichewa, loti m'kalasi iliyonse mumapezeka ana atatu oyankha. Sindinamvepo dzina lokoma ngati limenelo. Anthu anabalalika mvula itayamba kudontha.

Ine mantha anali asanandichoke. Kukuwa kuja kunkamvekabe m'makutu mwanga, ndipo ndinkadzifunsa kuti chimene chinamugwira chija chamusiya kapena chikudikira. Ndinatenthetsa madzi kuti ndimusambitse m'khitchini. Nditamuvula, ndinaona pantchafu yake, mkati mwenimweni mofewa muja, zipsera ziwiri zofiira, chilichonse chooneka ngati mwezi wongokhala kumene. China chinali chitatuluka kadontho ka magazi. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Zinali zikhadabo za munthu.

Nditakweza maso, apongozi anali ataima pakhomo la khitchini, mvula ikuwagwera kumsana. M'manja anali ndi kabotolo ka mafuta odzola. Anagwada pambali panga, kutapa mafutawo ndi chala, n'kuyamba kumupaka mwana pazipserapo pang'onopang'ono. Mkwiyo unandikwera, poti mwana wanga anali asanapwetekedwepo ndi munthu, koma unakumana ndi chinthu china n'kubwerera. Akuluakulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ndinali ndisanaonepo munthu akuiviika pamaso pa mudzi wonse.

“Amayi,” ndinatero. Aka kanali koyamba kuwaitana choncho. “Nanga abambo aja? Iwotu aona.”

Anapitiriza kupaka. Nkhope yawo inali yomwe ija ya masiku onse, koma misozi inkatsika n'kumagwera m'beseni.

“Aona,” anatero. “Ndakhala nawo zaka zambiri, sindinawakanepo kanthu. Adzukulu awiri aja ndinawasambitsa ndine popita nawo kumanda, uyu sindimusambitsa choncho. Ngati akwiya, khomo langa akulidziwa. Abwere kwa ine.”

Mwana anabatizidwa mvula isanathe. Lero ndi mnyamata wa sukulu, wovuta ngati anzake onse, ndipo dzina lake loyamba salidziwa. Achinyamata akamaimba nyimbo zawo za Chingerezi kutchalitchi n'kufika pa mawu aja, ine ndimatseka pakamwa mpaka adutse.

Za zikhadabo zija apongozi anga sanawauze azakhali, sanawauzenso amuna anga. Koma kuyambira sabata imeneyo anasamuka m'chipinda chimene ankagona ndi malemu aja, n'kumayala mphasa pabalaza, chopingasa pakhomo lolowera kumene kunkagona mwana. Ndinawapempha kangapo kuti abwerere pabedi, poti msana unkawavuta. Anakana. Anagona pakhomo pamenepo mpaka chaka chimene tinawanyamula kukawaika pambali pa amuna awo.